Choyala cha m'buti: dzimbiri limayambira pomwe maso safika

Wogula galimoto yoyendapo kale, ngati ali wozindikira, sathera nthawi yonse kutsogolo. Injini amaimvetsera ndithu, koma asanayambe kunenerera amazungulira kumbuyo, kutsegula buti, kutukula kapeti, kutulutsa tayala la sipeya n'kusuzumira m'dzenje lake. Akapezamo madzi ofiirira, dzimbiri loyoyoka ngati makungwa, kapena fungo la nsomba lomwe lidakana sopo, mtengo umagwera pomwepo. Wogulitsa angalumbire kuti injini sidatsegulidwepo, koma buti yamuulula kale.

Nkhaniyi ikukhudza amalonda ambiri chifukwa galimoto za mtundu wa station wagon, zija zili ndi denga lofika mpaka kumbuyo ndi chitseko chotsegukira m'mwamba, ndizo zasanduka ngolo za masiku ano. Toyota Probox ndi mbale wake Succeed, Corolla Fielder, Nissan AD ndi Wingroad mudzazipeza m'bandakucha pa Lizulu, pa Bembeke kapena pa Jenda zikupakira tomato, kabichi ndi mbatatesi. Mudzakumana nazo zikuchokera ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota zitasenza nsomba. Mvula ikayandikira, ndizonso zimatuta feteleza kupita kumidzi. Kwa eni ake, galimotoyo ndiwo mpamba weniweni, ndipo tsiku lina adzafuna kuigulitsa kuti agule ina.

Choyala cha m'buti, chomwe m'masitolo a zipangizo za galimoto amachitcha boot mat kapena boot liner, ambiri amachiona ngati chokongoletsera chabe. Ntchito yake yeniyeni ndi imodzi: chilichonse chotayika chikhale pamwamba pake mpaka inu mutachitulutsa. Choyala chosankhidwa mwachisawawa chimachita zosemphana ndi zimenezi. Chimalola madzi kudutsa m'mbali n'kulowa pansi, kenako n'kuwafunditsa kuti asaume.

Chomwe chimadya chitsulo

Pansi pa buti pali chitsulo chopyapyala, cha milimita imodzi kapena kucheperapo, chomwe chitetezo chake ndi penti. Pamwamba pake, Fielder ndi Wingroad zimabwera ndi kapeti wopepuka, pomwe Probox ndi AD zonyamulira katundu zimabwera ndi pulasitiki wopyapyala. Zonsezi adazipangira makatoni ouma ndi masutikesi a ku Japan, osati madengu a usipa wauwisi.

Dzimbiri limafuna madzi ndi mpweya basi, ndipo mchere umalithamangitsa. Tsono taonani katundu wathu. Ayezi wa nsomba akasungunuka, madzi ake amatsetserekera pamalo otsikitsitsa, pomwe ndi m'dzenje la sipeya. Feteleza wa urea amakoka yekha chinyezi cha mumpweya, kotero timibulu togwa m'thumba lobooka timasungunuka ngakhale simudathirepo madzi. NPK ali ndi michere yake yomwe chitsulo sichigwirizana nayo. Thumba la mchere wa ndiwo, mkodzo wa mbuzi, zitosi za nkhuku, msuzi wa tomato wophwanyika, asidi wa batire ya sola itapendekeka, zonsezi zimagwira ntchito imodzimodzi. Makasu, njerwa ndi zitsulo za geti sizinyowetsa, koma zimakanda penti n'kutsegulira dzimbiri khomo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Dzimbiri la pansi pa choyala silimveka, silioneka, ndipo mwini amalizindikira tsiku lomwe tayala laphulika, akufuna sipeya. Pofika apo nkhani si ya mtengo wokha. Chibowo cha pansi pa buti chimalowetsa fumbi ndi madzi a mumsewu, komanso chingalowetse utsi wa ekizosi, womwe uli ndi mpweya wa poizoni wopanda fungo wotchedwa carbon monoxide. Mu station wagon mulibe khoma pakati pa buti ndi anthu. Mpweya wa m'buti ndi womwewo akupuma okhala pampando wakumbuyo.

Zomwe zili pamsika

Makatoni, ziguduli ndi mphasa ndi zaulere kapena zotchipa kwambiri, ndipo zimateteza ku zokanda. Vuto lake zimamwa madzi n'kuwasunga. Zimathandiza zikakhala pamwamba pa choyala chenicheni, n'kutayidwa zikanyowa. Zikakhala zokha, ndizo zimaweta dzimbiri.

Kapeti wansalu amakongola ndipo katundu saterereka pa iye. Ndi wabwino kwa wonyamula mabelo a kaunjika, mabuku, nsapato kapena anthu a ulendo ndi zikwama zawo. Wonyamula chilichonse chodontha amusiye. Kapeti akamwa madzi a nsomba kamodzi, fungolo limadzuka dzuwa likangowomba, ngakhale patapita miyezi.

Kapeti wapulasitiki woyala m'nyumba, uja amagulitsa pa mita, salowa madzi, koma ndi wopyapyala, amang'ambika mukakoka kreti, amaterera, ndipo ndi wafulati: madzi amangoyenda pamwamba pake mpaka kukagwera m'mbali.

Mphira wodula pampukutu ndi wolimba, katundu sayendayenda pa iye, ndipo amatsukika. Wa mamilimita 3 mpaka 5 ndi wokwanira. Nayenso ndi wafulati pokhapokha mutamudula mokulirapo kuti akwere m'mbali. Dziwaninso kuti mphira wamba sagwirizana ndi dizilo, petulo, palafini ndi oyilo: amafufuma, kufewa, kenako n'kumanyenyeka. Ngati mumanyamula zigubu za mafuta, funsani mphira wa nitrile, womwe umapirira zimenezi.

Thireyi youmbidwa kufakitale motsatira buti ya galimoto yakutiyakuti ndiyo ambiri amaiganizira akamva za boot liner. Ilipo ya pulasitiki wolimba ndi ya pulasitiki wofewa ngati mphira wotchedwa TPE. Yolimbayo ndi yopepuka ndipo sichita mantha ndi asidi kapena feteleza, koma imaterera, ndipo yopyapyala imapindika ikakhalitsa padzuwa. Ya TPE imagwira katundu bwino, imapindika n'kubwereranso, koma mtengo wake ndi wokwererapo.

Pali njira ina yomwe ambiri saiganizira: lona wochindikala wa PVC, wa mtundu wofunditsira malole, wosokedwa ngati bokosi lopanda chivundikiro. Amisiri osoka matenti ndi okonza mipando ya galimoto, monga omwe amapezeka ku Biwi mu Lilongwe, ku Ndirande ndi ku Limbe, ntchito yotere amaitha. Ubwino wake bokosilo limakwera m'mbali momwe mungafunire, limaphimba msana wa mpando wakumbuyo, ndipo mungawonjezere chipepero chogwera pabampala kuti matumba asamakande penti popakira. Muuzeni mmisiri zinthu ziwiri. Pansi pasakhale msoko, ikhale nsalu imodzi, chifukwa paliponse podutsa singano pamadutsanso madzi. M'makona apinde lonayo ngati mmene timapindira pepala la phukusi, asadule n'kulumikiza.

Pulayiwudi ndi malata a aluminiyamu ndi za onyamula zolemera ndi zakuthwa: majenereta, zitsulo, mabokosi a zida. Izi siziletsa madzi, choncho zimafuna lona kapena mphira pansi pake. Musalole wina kuboola pansi pa galimoto kuti amange ndi mabawuti. Kunsi kwake kumadutsa mawaya, mapaipi a mafuta ndi a mabuleki, ndipo chibowo chilichonse ndi poyambira dzimbiri. Thabwalo lidulidwe zidutswa ziwiri kuti sipeya izituluka popanda kutsitsa zonse.

Ena amapopera pansi pa buti mankhwala ouma ngati mphira, monga amachitira kumbuyo kwa mapikapu. Njirayi imagwira ngati chitsulo chapalidwa bwino, chauma ndipo chilibe dzimbiri. Kupopera pamwamba pa dzimbiri n'kumanga bandeji pachilonda chosatsuka.

Mkombero ndiwo mwini nkhani

Lichero lopanda mkombero silipeta. Choyala nachonso, kwa wonyamula zodontha, chimayezedwa ndi kutalika kwa khoma la m'mbali mwake. Masamu ake ndi awa. Tiyerekeze thireyi ya mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, galimoto itaima pamalo athyathyathya. Sentimita iliyonse ya mkombero imasunga malita 10. Mkombero wa masentimita 2 usunga malita 20, chigubu chathunthu. Wa masentimita 5 usunga malita 50.

Koma galimoto sikhala itaima pathyathyathya. Wochokera kunyanja ndi nsomba amakwera Khwekhwerere kapena Chiweta, ndipo madzi onse amathamangira kuchitseko chakumbuyo. Pamtunda wokwera mita imodzi pa mamita 10 aliwonse, thireyi ya masentimita 5 ija imangosunga malita 12 ndi theka. Ya masentimita 2 imasunga malita 2 okha, otsalawo amasefukira m'dzenje la sipeya. Onjezanipo maenje a mumsewu ndi mabuleki adzidzidzi. Ndiye chifukwa chake wa nsomba, wa mkaka, wa thobwa ndi wa mafuta ophikira asakhutire ndi mkombero wochepera masentimita 5, ndipo akapeza bokosi la lona la masentimita 15 kapena 20 wachita bwino koposa. Yang'anitsitsani mbali ya kuchitseko: mathireyi ena ali ndi mkombero mbali zitatu zokha, kumbuyo n'kusiya pafulati kuti katundu azilowa mosavuta. Yotereyo pokwera phiri ndi chimodzimodzi kusayala kanthu.

Dzina la galimoto si muyezo

Kunena kuti "ndikufuna ya Fielder" sikokwanira. Corolla Fielder idayamba kutuluka mu 2000, idasinthidwa thupi mu 2006, n'kusinthidwanso mu 2012, ndipo mabuti ake safanana. Probox idayamba mu 2002 n'kukonzedwanso mu 2014. Chomwe wogulitsa wodziwa ntchito angakufunseni ndi nambala ya mtundu wa galimoto, monga NZE121G, NZE141G kapena NZE161G pa Fielder, NCP51V kapena NCP160V pa Probox. Nambalayi ili pakachitsulo kapena kapepala komata pamphuthu ya chitseko kapena kuinjini, komanso pamapepala omwe galimoto idabwera nawo.

Kwa otuma abale kapena madalaivala a mabasi ku Johannesburg, chenjezo ndi ili: dziko la South Africa sililola wamba kulembetsa galimoto zakale zochokera ku Japan, kotero Probox ndi Fielder si galimoto za m'misewu ya kumeneko ndipo mathireyi ake si ofala m'masitolo awo. Thireyi yolembedwa Corolla yogulidwa kumeneko kawirikawiri imakhala ya Corolla ya buti yotsekeka payokha. Nazonso Avensis za station wagon za ku Britain zili ndi thupi lina. Zoyenera galimoto zathu zimachokera ku Japan, China, Dubai kapena Dar es Salaam, njira yomwe galimotozo zimadzera.

Choncho tengani tepi muyeze nokha. Yezani kutalika kuchokera kumsana wa mpando mpaka pachitseko, mpando uli chiimire komanso utagonekedwa. Yezani m'lifupi pamalo otambalala, kenako pakati pa zitunda ziwiri za matayala, pomwe ndi pothina. Buti ya Probox imatalika pafupifupi mamita 1.8 mpando wakumbuyo utagonekedwa, koma mita imodzi ndi pang'ono mpandowo uli chiimire. Ngati masiku a msika mumagoneka mpando, thireyi yaifupi idzateteza theka lokha la pansi, ndipo madzi adzagwera ndendende pampata wa pakati, pomwe pali mahinjesi ndi malamba a mpando. Mphira wa pampukutu nthawi zambiri umakhala mita imodzi kapena 1.2 m'lifupi, pomwe buti ya Probox pamalo otambalala imafika 1.4, ndiye funsani m'lifupi mwa mpukutu musanalipire.

Njira yosaphonya ndi kudula chitsanzo. Yalani makatoni akale m'buti, adulireni motsatira makona onse, alumikizeni ndi selotepi, mulembepo pomwe pali timphete tomangirira katundu ndi chogwirira cha chivundikiro cha sipeya. Chitsanzo chimenechi mupite nacho kusitolo kapena kwa mmisiri. Eni galimoto za hybrid awonjezere chinthu chimodzi: pafupi ndi mpando wakumbuyo pali kazenera kolowetsa mphepo yoziziritsa batire yaikulu. Lona kapena thumba zisatseke pamenepo, chifukwa batire yotenthedwa imafa msanga ndipo mtengo wake si wamasewera.

Kulemera nakonso ndi ndalama

Kumbuyo kwa Probox zambiri kuli kapepala ka zilembo za Chijapanizi kokhala ndi nambala 400kg. Amenewo ndiwo malire a katundu mukakhala anthu awiri okha kutsogolo: matumba 8 a makilogalamu 50. Mukanyamula anthu asanu, malirewo amatsika kufika pa makilogalamu 250. Chilichonse chomwe mwayala pansi chimadya nawo pamalire omwewo.

Lamba wakale wa makina a m'mafakitale, yemwe ena amamukonda chifukwa satha, akakhala wa sentimita imodzi kuchindikala ndipo mwayala buti yonse ya Probox, amaposa makilogalamu 25. Ndiye kuti theka la thumba la chimanga likuyenda nanu ulendo uliwonse osalipira, likudya mafuta ndi masipuling'i. Choipa china, choyala cholemera chotere munthu sachitukula kawirikawiri, ndipo choyala chosatukulidwa ndicho chimabisa dzimbiri. Lamulo losavuta ndi ili: ngati simungathe kuchitulutsa nokha, kuchitsuka ndi kuchibwezera m'mphindi zochepa, n'cholemera kwambiri.

Pogula, manja ndi mphuno zigwire ntchito

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musagule choyala chili m'pepala. Chitulutseni, mupinde kona imodzi mwamphamvu: chikayera popindikapo kapena kuonetsa ming'alu, sichikhalitsa. Kandani ndi chikhadabo. Chabwino sichinyenyeka ndipo sichisiya zakuda m'manja. Nunkhizani. Fungo la mphira watsopano limatha m'masiku ochepa, koma fungo lobaya ngati la tayala lopsa limakula galimoto ikaima padzuwa la Okutobala, ndipo limalowa mu ufa, shuga ndi buledi. Ikani chigubu chodzaza pamwamba n'kuchikankha kuti muone ngati chikuterera. Chigubu cha madzi cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, ndipo pa mabuleki adzidzidzi chimauluka ngati mwala. Pomaliza, pemphani kuyesa m'galimoto momwemo, mutseke chitseko. Mkombero ukapanidwa ndi chitseko, mphira wotseka m'mphepete sagwira bwino, ndipo fumbi ndi mvula zimalowa.

Kumbali ya mtengo, mndandanda wake umayenda motere kuchokera pansi: kapeti wapulasitiki wa pa mita, kapeti wansalu, mphira wodula, bokosi la lona losoketsa, kenako thireyi youmbidwa yochokera kunja. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse choitanitsa kunja chimasintha mtengo pafupipafupi, choncho funsani m'masitolo atatu tsiku limodzi musanatulutse ndalama. Oitanitsa okha pa intaneti akumbukire kuti onyamula katundu amalipiritsa potengera kukula kwa phukusi, osati kulemera kokha. Thireyi yolimba yosapindika ingadye ndalama zambiri zonyamulira kuposa mtengo wake, msonkho wa MRA usanabwere. Ya TPE imakulungika, phukusi n'kuchepa.

Poyerekeza mitengo, gawani mtengo ndi miyezi yomwe chinthucho chikutumikireni. Pulasitiki wong'ambika miyezi itatu iliyonse mudzamugula kanayi pachaka. Kenako yerekezani ndi zomwe owotcherera ndi openta angakulipiritseni podula ndi kuika chitsulo china pansi pa buti, kuphatikizapo masiku omwe galimoto idzagone kugalaja osapita kumsika.

Katundu aliyense ndi choyala chake

Wa nsomba, nyama, mkaka ndi zakumwa asankhe bokosi la lona lakuya kapena thireyi ya mkombero wautali, ndipo nsombazo zikhalebe m'mabeseni kapena m'makulabokosi. Choyala ndi mlonda wachiwiri, osati chotengera. Wa tomato, kabichi ndi mbatatesi angakwanitse ndi thireyi ya TPE kapena mphira wokwera m'mbali. Wa feteleza, mchere, simenti ndi makala afunika chophimba m'mbali momwe, chifukwa fumbi ndi timibulu zimalowa m'ming'alu ya mapulasitiki a m'mbali. Wa mbuzi ndi nkhuku ayale mphira kuti ziweto zisaterereke n'kuthyoka miyendo, pansi pake lona, pamwamba utuchi kapena udzu wouma. Wa mabatire ndi mafuta asankhe pulasitiki wolimba.

Ambiri mwa ife timanyamula zonsezi pagalimoto imodzi: Lolemba feteleza, Lachitatu ufa, Loweruka nsomba. Ngati ndi choncho, khalani ndi zoyala ziwiri. China chikhale cha zakudya zokha, china cha feteleza, mankhwala a mbewu, palafini ndi zina zotero, ndipo muzilembe kuti wothandizira asasokoneze. Thumba limodzi la ufa lonunkha palafini silikutayitsani ufa wokha, limakutayitsani kasitomala.

Mukagula, ntchito siinathe

Musayale choyala chatsopano pamwamba pa chinyezi. Tulutsani zonse, sipeya ndi jeke zomwe, mutsuke, muumitse padzuwa chitseko chili chotsegula. Pomwe pali dzimbiri palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mupake penti woletsa dzimbiri. Pansi pa dzenje la sipeya pa galimoto zambiri pali kachitsekerero kamphira. Kachotseni potsuka kuti madzi atuluke, kenako mukabwezere. Ngati m'dzenjemo mumapezeka madzi chonsecho simudanyamule chodontha, vuto si katundu: onani mphira wa m'mphepete mwa chitseko ndi wa kuseri kwa magetsi akumbuyo.

Kuyambira pamenepo, tukulani choyala kamodzi pa sabata m'nyengo ya mvula, komanso tsiku lililonse lomwe mwanyamula nsomba, mchere kapena feteleza. Tsukani ndi madzi ndi sopo wamba, chiume mbali zonse ziwiri chisanabwerere. Dzanja lanu likakhudza chitsulo cha pansi n'kupeza pouma, ndiye kuti ndalama zanu zikugwira ntchito. Likapeza ponyowa, musadikire mwezi uthe: choyalacho n'chachifupi, chabooka, kapena si cha katundu yemwe mukunyamula.